Chivindikiro cha Besi ya Achimwene

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene achimwene anga a Laitoni anapanga gitala ya besi. Iwo anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Pakati pa iwo ndi ine panabadwa ana awiri amene sanakule, ndipo bambo anatisiya ine ndili kumsana, choncho pakhomo tinali atatu: amayi, achimwene ndi ine. Tinkakhala ku Bwanje, pafupi ndi sikimu ya mpunga, ndipo tinali ndi kamunda kathu m'sikimumo.

Achimwene anamwalira chaka chatha, mvula yoyamba itangogwa. Pamaliro anthu ananena zabwino zambiri, za ulimi wawo ndi za mawailesi amene ankakonzera anthu, koma za gitala palibe amene anatchula. Ambiri anali ataiwala kuti munthuyo anali woimba. Ine sindinaiwale, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndikufuna kufotokoza pano.

Anayamba ndi gitala ya chigubu cha mafuta ngati anyamata ena onse. Koma atapita ku ukwati wina ku Balaka anakaona besi yamagetsi, ndipo anabwerako ali munthu wina. Anati mawu ake sumawamva ndi makutu okha, umawamva ndi m'mimba momwe. Yogula sakanaikwanitsa, ndiye anaganiza zopanga yawo. Thupi lake anasema kuchokera ku chitseko chakale cha mlombwa. Nsambo zinayi anatenga ku mawaya a mabuleki, ena a njinga yamoto, ena a njinga yakapalasa, kuti zisiyane kunenepa. Zokungira nsambo anali mabawuti. Zonsezi sizinawavute kwenikweni.

Chimene chinawadyera miyezi ndi kachida kamene kamakhala pansi pa nsambo, kamene kamamva nsambo ikanjenjemera n'kutumiza mawuwo ku ampu, bokosi lowakuza. Oimba amati pikapu, koma achimwene ankangoti khutu. Anapeza maginito awiri ang'onoang'ono kwa bambo wina wachisilamu amene ankakonza mawailesi ku Sharpevale, ndipo bambo yemweyo anawapatsanso kawaya ka kopa koonda ngati tsitsi. Kawayako ankakakulunga kuzungulira maginito aja pang'onopang'ono, atakhala pamthunzi wa m'bwemba kuseri kwa nyumba. Akamakulunga sankafuna kulankhulitsidwa, ngakhale nkhuku ankaziyang'ana ndi diso loipa. Popeza maginito anali aang'ono, khutu limodzi linkangomva nsambo ziwiri. Choncho makutu anali awiri.

Khutu lililonse linafunika chivindikiro chathabwa. Ndinawafunsa chifukwa chake, ndipo anandionetsa. Woimba besi amatsamiritsa chala chachikulu cha dzanja lamanja pomwepo pa khutu, kenako n'kumakoka nsambo ndi zala zinazo. Popanda chivindikiro, chikhadabo kapena thukuta likanadula kawaya kaja, ndipo kakaduka pamodzi pokha ndiye kuti khutu lonse lagontha. Waya wina analibe.

Thabwa la zivindikirozo linali la m'bawa. Anakalipempha kwa kalipentala wina ku Kandeu, ulendo wa tsiku lonse, akukankha njinga pachitunda. Kanali kachidutswa kochepa, kokwanira tizivindikiro tisanu. Kalikonse kankayenera kukhala kotalika ngati chikhatho, kogobedwa m'kati kuti khutu likwanemo, koma pamwamba pake popyapyala kwambiri kuti khutulo lizimvabe nsambo. Tchizulo anasula okha kuchokera ku msomali waukulu. Posalaza ankapala ndi phale la botolo. Akapala pang'ono ankakweza thabwalo kudzuwa, ndipo akaona kuwala kukufiira m'thabwamo ankadziwa kuti kwatsala pang'ono. Pamenepo ndi pamene titatu tinawabowokera, kamodzi ndi kamodzi, ndipo nthawi iliyonse ankangoimirira, n'kuzungulira nyumba kawiri, n'kudzakhalanso pansi.

Anali ndi lamulo lawo posema. Anagoba kamphako pa chipika, ndipo thabwa ankalipanikiza m'menemo pokhomera kamtengo m'mbali kuti lisasunthe. Manja onse awiri ankakhala kumbuyo kwa tchizulo. Tsiku lina ataona ndikusenda chinangwa mpeni utaloza m'dzanja, anandilanda mpeniwo n'kunditembenuzira.

"Lusiya, chitsulo sichidziwa mwini wake. Usamachiike dzanja kutsogolo."

Amayi sankakondwera nayo ntchito imeneyi. Mpunga unali utayamba kucha, ndipo mpheta zinkabwera ngati utsi.

"Anzako ali kumunda, iwe uli pa tizidutswa," anatero tsiku lina akupeta.

"Amayi, tsiku lina mudzandimva pa wailesi."

"Wailesi yake iti, poti yathu unaiphwasula?"

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola, ndipo amayi nawo anabisa nkhope kuseri kwa lichero.

Tizivindikiro tiwiri totsiriza tinatheka. Anatimaliza Lachiwiri, ndipo Loweruka la sabata yomweyo makwaya a mipingo yathu ankakumana ku Sharpevale. Kwaya ya kwathu inkadalira besi ya achimwene. Kuwonjezera apo, kunali kubwera bambo wina wa bandi ya ku Balaka amene ankafuna mnyamata wa besi, ndipo anali atatumiza mawu kuti akufuna kudzamva mnyamata wa ku Bwanje amene wapanga gitala yake yekha. Achimwene sankagona nayo tulo nkhani imeneyi. Madzulo a Lachiwiri anapaka tizivindikiroto mafuta a mtedza, ndipo tinasanduka tofiirira, towala ngati nthanga ya bwemba. Anatiika pawindo la kuchipinda kwawo kuti timwe mafuta.

Lachitatu m'mawa anamangirira batire ya galimoto pa njinga n'kupita nayo ku Sharpevale kukatchajitsa, pakuti ampu imene anabwereka inkayendera batire. Amayi anapita kuchigayo. Ine inali nthawi yanga yokaingitsa mpheta.

Amene sanaingitsepo mbalame sadziwa kutalika kwa tsiku. Umakhala pa nsanja wekha, dzuwa la kuchigwa likukuwotcha paliwombo, uli ndi chingwe chimene amangirirako zitini zamiyala. Mpheta zikatera umakoka chingwe n'kukuwa. Zikapita umangokhala. Ndisananyamuke ndinalowa kuchipinda kwa achimwene kukatenga chipewa chawo chamlaza, ndipo ndinaona tizivindikiro tija pawindo. Kamodzi kanali chagada. Ndinakayang'ana ndipo ndinaona bwato. Kanali bwato ndithu, kogobedwa bwino, kosalala, ndi tizibowo tiwiri kumapeto kolowetsa masikuluwu. Ndinati ndikasewera nako pang'ono, ndidzakabwezera achimwene asanabwere. Ndinakakulunga pa nsonga ya chitenje.

Tsiku limenelo linali la madzi kumbali yathu, ndipo ngalande ya m'mbali mwa munda inali yodzaza, madzi akuthamanga. Ndinasolola ulusi pa thumba la feteleza n'kuumanga pa kabowo kamodzi. Ndinagwira chiwala, n'kuchithyola miyendo yodumphira, n'kuchikweza m'bwatomo. Sindinama, kankayenda bwino. Madzi sankalowa chifukwa cha mafuta aja. Ndinkakalola kupita mpaka ulusi utathera, n'kukakokanso, chiwala chili phee ngati mayi wopita kumsika. Ndinasewera choncho nthawi yaitali, ndipo ndinali wokondwa.

Kenako mpheta zinatera kumapeto kwa munda, zambiri kuposa m'mawa. Ndinakulunga ulusi pa tsinde la udzu mofulumira n'kuthamangira ku nsanja. Ndinakoka zitini, ndinakuwa, ndinaponya zibuma. Pobwerera ndinapeza udzu uja uli chiweramire m'madzi, ulusi palibe, bwato palibe.

Ndinathamanga m'mbali mwa ngalande mpaka pamene imalowa pansi pa kanjira ka ngolo. Ndinagwada n'kusuzumira, koma munali mdima ndi phokoso la madzi basi. Kutsidya sindinaone kanthu. Ndikanapitirira, koma kumbuyo mpheta zinali zitateranso, ndipo ndinkadziwa kuti amayi akapeza ngala zopanda kanthu andifunsa kumene ndinali. Ndinabwerera ku nsanja. Tsiku lonselo ndinakoka zitini ndi mphamvu ngati kuti zimenezo zikonza kanthu.

Achimwene anafika dzuwa likupendeka, ali ndi thukuta, akuimba mluzu. Anatsitsa batire n'kulowa kuchipinda. Mluzu unaleka. Ndinamva akukoka bedi, akukutumula mphasa. Kenako anatuluka ali ndi kachivindikiro kamodzi m'manja.

"Amayi, mwalowa kuchipinda kwanga?"

"Ndikatengeko chiyani? Ndangofika kumene ine."

Anatembenukira kwa ine. Ndinali nditakhala pakhonde ndikusadzula masamba, chipewa chawo ndinali nditachibwezera kale pamsomali.

"Lusiya, kanzake ka aka wakaona?"

Sanafunse mwaukali. Anafunsa ngati munthu amene akufuna thandizo. Mpaka lero sindidziwa bwinobwino chimene ndinkaopa, pakuti sanali munthu wankhanza. Ndinangoona nkhope yawo, ndi miyezi yonse imene anakhala pansi pa m'bwemba, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu ndisanawaganize.

"Ayi, achimwene. Sindinakaone."

Amayi anandiyang'ana pang'ono, koma achimwene anadula nkhani.

"Musiyeni, uyu sanama."

Ananunkhiza kotsalako, n'kudzimenya pamphumi.

"Makoswe. Ndine chitsiru ine. Ndapaka mafuta a mtedza n'kusiya pawindo, ngati ndikuwaitanira ku ukwati."

Anatenga khasu n'kuyamba kukumba una wa makoswe umene unali kuseri kwa nkhokwe. Anandiuza kuti ndiime mbali inayo ndi ndodo. Ndinaima. Ndinathandiza ngakhale kufukula dothi ndi manja, ndikudziwa bwino lomwe kuti m'menemo mulibe kanthu. Tinapezamo makoko a mtedza ndi nsanza. Anandisisita pamutu n'kunena kuti ndayesetsa, ndikasambe.

M'mawa wa Lachinayi amayi anati angokulunga khutu linalo ndi mphira ya chubu cha njinga. Achimwene anati mphira siingateteze kawaya ku chala chimene chikutsamira pomwepo nyimbo yonse, ndipo ikakanikiza ingathe kudula kawayako yokha. M'bawa unali utatha. Kupita ku Kandeu n'kubwerako kukanadya tsiku lonse, ndipo sankadziwa ngati kalipentala uja ali ndi chidutswa china. Anazungulira pakhomo akugogoda mitengo. Pomaliza anazula mzati wakale wa khola la mbuzi. Unali wa tsanya, wouma bwino.

Aliyense wa kuchigwa amadziwa tsanya. Chiswe chimaulephera, nkhwangwa imabwerera. Tsiku lonse la Lachinayi linathera pongodula kachidutswa ndi kukapatsa maonekedwe. Tchizulo chinkabuntha msanga, ndipo ankachinola pamwala kawirikawiri. Sanadye masana. Ine ndinali kumunda, ndipo pobwera ndinawapeza ali pomwe ndinawasiya, m'manja muli matuza. Ndinaima pafupi. Ndinkafuna kunena, koma tsopano bodza linali litagona usiku umodzi ndipo linali litakula. Ndikananena bwanji kuti dzulo ndinkakumba nawo una ndikudziwa? Anandiona n'kumwetulira.

"Usade nkhawa, mlongo wanga. Mawa katha aka. Loweruka udzavina mpaka fumbi."

Lachisanu amayi anapita kukaingitsa mbalame okha, ine anandisiya kuti ndisinje mpunga wa anthu a kwaya. Mtondo unali pafupi ndi m'bwemba, choncho zonse ndinaziona. Achimwene anali atagoba m'kati, kunatsala kupyapyaza pamwamba. Tsanya salola kuwala kudutsa msanga ngati m'bawa, ndiye ankachotsa thabwalo pa chipika kawirikawiri kuti aliyang'ane kudzuwa, n'kulibwezera, n'kukhomanso kamtengo kopanikizira kaja. Kuchotsa ndi kubwezerako kunkadya nthawi, ndipo masana ankayenera kukakonzekera ndi anzawo a kwaya. Dzuwa litafika pamutu ndinaona kuti asiya kubwezera. Anagwira kachivindikiroko m'dzanja lamanzere, zala zili kuseri kwake, n'kumakankha tchizulo ndi dzanja lamanja.

Ndinakumbukira lamulo lawo. Ndinaima ndi munsi m'manja. Sindinawachenjeze, chifukwa masiku amenewo ndinkaopa kutsegula pakamwa pamaso pawo.

Sipanamveke phokoso lalikulu. Thabwa linangoti thu, tchizulo n'kubowola n'kulowa m'chala cholozera, m'kati mwake, pafupi ndi chikhatho. Achimwene sanakuwe. Anayang'ana dzanja lawo, n'kunena motsitsa kuti, "Lusiya, tenga nsalu." Magazi anali kutsikira m'chigongono n'kumadontha pa zipalo za tsanya. Ndinavula chitenje changa, chomwe chija ndinakulungiramo bwato, ndipo anamanga nacho. Bambo wa nyumba yoyandikana nafe anawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala ku Sharpevale.

Anawasoka bwino, ndipo bala linapola. Koma anawauza kuti mtsempha wopinditsa chala waduka. Chala chimenecho ndi chimene woimba amayambira kukanikiza nsambo.

Loweruka kwaya inaimba yopanda besi. Achimwene anapita ndithu, dzanja lili pa nsalu yokoleka m'khosi, ndipo anakhala kumbuyo. Bambo wa ku Balaka uja anabwera, anawapatsa moni, anayang'ana dzanja, n'kunena kuti pepani, mukachira mudzatipeze. Ine ndinakana kupita. Ndinati mutu ukundiwawa, ndipo amayi anati mwanayu wadzidzimuka ndi magazi.

Sabata yotsatira amayi anandituma kukapereka uthenga kwa bambo amene ankatsegula ndi kutseka madzi kumbali yathu. Ndinawapeza pa geti, kumunsi kwa kanjira ka ngolo kaja. Sindinali nditafikako kale. Pamenepo pali zitsulo zoimikidwa ngati mano a chipeso, zotchinga zinyalala kuti zisatseke geti. Bamboyo anali kuvuula zinyalalazo ndi khasu n'kumaziunjika pamtunda: mapesi, mapepala, patapata limodzi. Nditapereka uthenga anandiuza kuti ngati kwathu kuli amene anataya patapata adzatenge, pakuti chilichonse chogwera m'ngalande chimathera pamenepo. Atatembenuka ndinayang'ana pamulupo. Kachivindikiro kanali pomwepo, pakati pa mapesi, ulusi uli chimangire. Sikanasweke, sikanapindike. Nditakapukuta ndi chala kanawala ngati tsiku lija.

Kuchokera pa munda wathu kufika pa getipo unali mtunda woti mwana akhoza kuthamanga osapuma. Achimwene ankapadziwa bwino, chifukwa ankalambula nawo ngalande chaka chilichonse. Ndikanangonena Lachitatu lija kuti kagwera m'madzi, akanakwera njinga n'kubwera nako dzuwa lisanalowe.

Ndinakabisa m'manja mpaka ndinafika pamunda wina umene unali ndi matope. Ndinakaika pansi n'kukaponda ndi chidendene mpaka kanamira. Ndinaganiza kuti kubwera nako kunyumba tsopano sikungabweze chala, kungowonjezera ululu. Ndimo mmene ndinadziuzira. Zoona zake n'zakuti ndinkadziteteza ndekha.

Chala chija sichinapindikenso. Chinauma chili chilozere. Achimwene anasemanso chivindikiro china patapita miyezi, cha m'bawa, atapanikiza pa chipika monga mwa lamulo lawo, ndipo besi inalira. Inkalira bwino, mpaka malata a tchalitchi ankanjenjemera. Koma ankaimba ndi zala zitatu, chinacho chili chiimire pamwamba pa nsambo, ndipo nyimbo zothamanga zinkawasiya m'mbuyo. Ku Balaka anapitako kamodzi. Anabwerako tsiku lomwelo, ndipo sananene zimene zinachitika. Anaimbabe kutchalitchi zaka zingapo, kenako anapereka besiyo kwa anyamata a kwaya, ndipo inathera m'manja mwawo.

Sanali munthu wodandaula. Chalacho anachipatsa dzina loti kapitawo, ati chifukwa chimangoloza ntchito, chokha osagwira. Ana akamachiseka ankawalozera nacho n'kunena kuti kapitawo wakuonani. Munthu akafunsa chimene chinachitika, ankayankha kuti makoswe a ku Bwanje anawadyera ntchito ya ku Balaka, ndipo anthu ankaseka. Nkhani ya makoswe ndinaimva kosawerengeka, pamaukwati, pamaliro, pomweta mpunga. Nthawi zina ndinkaseka nawo.

Ndinakula, ndinasiya sukulu, ndinakwatiwa. Achimwene ndi amene anaimira mbali yathu pa chinkhoswe, ndipo anauza akuchimuna kuti, "Mlongo wangayu ali ndi zofooka zake, koma bodza ayi." Ana anga akadwala, iwo ndi amene ankabwera ndi njinga. Amayi atamwalira, iwo ndi amene anatsala ngati mzati wathu. Chaka chilichonse ndinkati ndiwauza tikakolola, ndiwauza akachira malungo, ndiwauza tikakhala awiri. Tikakhala awiri ndinkayamba nkhani ya mbewu.

Chaka chatha anadwala miyezi inayi, ndipo pomaliza anawagoneka kuchipatala cha kuboma. Alamu anga, akazi awo, anali ndi mwana wamng'ono, choncho tinkasinthana kuwadikirira. Tsiku lina m'mawa, madokotala atadutsa, ndinali kuwamwetsa phala. Pabedi loyandikana panali bambo wina wachikulire wokonda nkhani, ndipo anaona chala chija chili pa bulangete.

"Achimwene, chala chimenechi munatani nacho? Kapena munaloza mfiti?"

Achimwene anaseka, ngakhale kuseka kunkawapweteka. Anayamba nkhani ija ndi mawu otsika, akupumira m'njira: besi, m'bawa wa ku Kandeu, mafuta a mtedza, makoswe. Bamboyo anaseka n'kunena kuti makoswe a kuchigwa ndi ophunzira. Kenako anatembenukira kukhoma n'kugona.

Ndinaika supuni m'kapu.

"Achimwene, sanali makoswe."

Anandiyang'ana.

Ndinawauza zonse, kuyambira pa chipewa. Ndinanena za ulusi, za chiwala, za mpheta, za una umene tinakumba. Ndinanena za geti, ndi kuti ndinakapeza kali bwinobwino, ndi kuti ndinakapondera m'matope. Sindinalire. Ndinkaona kuti ndikalira, iwo ayamba kunditonthoza, ndipo sizinali zoyenera kuti wodwala atonthoze ine pa nkhani imeneyi.

Panja wina ankakolopa, ndipo ndinkamva chidebe chikukwekwerezedwa. Achimwene anakweza dzanja lamanzere pang'ono n'kuliyang'ana mbali zonse ziwiri, ngati akuliona koyamba.

"Pa geti ya kumunsi kwa kanjira ka ngolo?"

"Eya."

"Pafupi pomwepa."

"Eya, achimwene."

Anatsitsa dzanja.

"Ukanandiuza tsiku lomwelo, Lusiya, ndikanakumenya mbama imodzi. Imodzi basi. Kenako tikanapita limodzi kukatenga."

Anatseka maso, ndipo ndinaganiza kuti agona. Patapita kanthawi anati, "Phala lija likuzizira." Ndinatenga supuni n'kupitiriza kuwamwetsa, ndipo anamaliza lonse.

Anakhala masiku asanu ndi atatu kuchokera pamenepo. Nkhaniyo sanaitchulenso, ndipo ya makoswe sindinaimvenso. Bambo wa pabedi lina uja atafuna kuti aibwereze kwa mlendo wake, achimwene anangoti atopa. Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindikufuna kuwaikira mawu m'kamwa poti sangadziyankhirenso. Chimene ndinganene n'chakuti ankalola kuti ndiwatembenuze, ndiwapukute kumaso, ndiwamwetse. Tsiku limene anatisiya ndinali pomwepo, dzuwa likuswa mtengo. Ndinawatseka maso ndi kuwapinda manja pachifuwa. Zala zonse zinalola, kupatula chimodzi.

Ndakhala ndikuganiza za zimenezi miyezi yonseyi, makamaka ndikakhala ndekha kumunda. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndinachita bwino kuwauza. Kwa zaka zonsezo anali ndi nkhani yoseketsa anthu, ndipo ine ndinawalanda masiku awo otsiriza, n'kuwapatsa ina yosaseketsa. Mwina ndinawauza kuti ndipepukidwe ine. Funso limeneli ndilibe yankho lake, ndipo amene akanandiyankha palibe.

Koma china ndikuchidziwa bwino. Kutaya kachivindikiro kaja sunali mlandu waukulu. Mwana aliyense amatenga chimene sanapatsidwe, n'kuchitaya. Mlandu unayamba pakhonde, pamene munthu amene ankandikhulupirira anandifunsa funso lapafupi, ine n'kunena kuti ayi. Ndinkaganiza kuti ndikakhala chete chilango chingodutsa, sichigwera aliyense. Sichinadutse, chinangosintha munthu. Mbama ija inali yanga, ndipo tsaya likanapola ndisanagone. Ndinaizemba, achimwene n'kuinyamula m'dzanja lawo zaka zoposa makumi awiri, mpaka tinawaika nayo.